Chilombo cha m'Katiriji

Ku Amagasaki, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
bambo ananditengera ku holo ya kanema kuseri kwa siteshoni.
Magetsi atazima, nyanja inatupa,
chilombo chinavuuka, msana wake ngati mano a macheka,
chinaponda doko kamodzi kokha
ndipo sitima zinagudubuzika ngati zitini.
Ndinafinya dzanja la bambo mpaka anaseka mumdimamo.

Januwale atafika ndinang'amba maenvulopu onse a chaka chatsopano,
ya azakhali, ya amalume a ku Kobe,
ndinawerenga kawiri, kenako kachitatu:
mayeni zikwi zisanu ndi mazana asanu.
Liwiro kwa a Kuwabara, ogulitsa zidole.
Pabokosi chinalipo chilombo changa chija,
moto uli lawilawi m'kamwa,
nsanja itathyoka pakati,
ndege zikuchizinga ngati ntchentche.

Kunyumba Fumie, mlongo wanga, anagwira kabuku ka malangizo.
Ine ndinalowetsa katiriji, n'kuyatsa.

Kanatuluka kanthu kobiriwira ngati ndere,
kotalika ngati chala changa chamanthu.
Kankayenda ngati munthu wa nyamakazi
wokwera masitepe a chipatala.
Ukadina batani, uyambe wadikira,
mchira ubwera nthawi yake.
Kubangula kwake? Chitseko cha kubafa kwathu chinkaposa.
Nyumba zinali timabokosi totuwa
tophethira kawiri n'kuzimirira,
popanda fumbi,
popanda munthu ndi mmodzi yemwe wothawa atanyamula mwana.
Mzinda unali zii. Ndinkagwetsa malo osakhalamo anthu.

Ndipo chilombo chimene pa kanema chinameza mizinga ya asilikali onse
chinafa chitagundidwa ndi kambalame.
Chinafanso pa dzenje.
Chinafanso pa dzenje lomwelo.
Fumie anatseka kabuku, napita kukasamba.

Bambo pobwera ku fakitale anaima pakhomo,
jekete likadali paphewa.
“Ndi chimenechi?”
“Ndi chokoma kwambiri,” ndinatero, maso ali pagalasi.
Sanayankhe. Anakhala pansi kuvula masokosi.

Bodza lomwelo ndinapita nalo kusukulu.
Ndinalikometsera Naotake pa nthawi yopuma,
ndi manja omwe, ndi phokoso la pakamwa,
mpaka naye anakhuthula kabanki kake kwa a Kuwabara.
Sanandilankhule kufikira maluwa a Epulo atayoyoka.

Lero imvi zayamba.
Holo ija anaigwetsa anthu wamba, ndi makina achikasu,
pano ndi poimika magalimoto.
Bambo anapita chaka chatha mu Novembala.
Loweruka ndikudutsa ku Nipponbashi
ndinakapeza m'dengu la panja pa sitolo,
pakati pa zingwe zopotana: mayeni mazana atatu.
Kumbuyo kwake mwana wina analemba dzina ndi inki yakuda,
Yasuhiko, zilembo zopendekeka,
kuopa kuti angamubere.
Iwe Yasuhiko, ndani akanakubera?

Ndinagula.
Ndinakauzira mpweya monga tinkachitira,
kanakana, ndinauziranso, kanavomera.
Sikanasinthe ngakhale pang'ono.
Zaka zonsezi mumdima wa m'kabati
sikanaphunzire kuthamanga.

Chisato, mwana wanga, anasuzumira ali ndi foni m'manja.
“Bwanji chikuchedwa chonchi?”
“N'cholemera,” ndinatero. “Zinthu zikuluzikulu sizifulumira.”
Anandiyang'ana monga bambo anandiyang'anira,
kenako anakhala pambali panga, mwina chifukwa cha chisoni.

Tinadutsa dzenje lija cha m'ma leveni koloko usiku.
Kutsidya kwake kunali dzenje lina,
ndi kambalame kaja, kakubwera chapansipansi.
Chisato anati, “Bweretsani kuno, adadi, simukutha,”
ndipo ndinamupatsa,
chala changa chili ndi chidindo cha batani.